Timalima thonje, timavala kaunjika

Mu Febuluwale 2025 mavenda ogulitsa kaunjika mumzinda wa Lilongwe adasiya mabenchi awo n'kuguba mpaka ku Nyumba ya Malamulo. Dandaulo lawo lidali limodzi: mtengo wa belo wakwera mopyola muyeso, mpamba watha. Eni masitolo oitanitsa mabelowo ankati vuto ndi madola, sakupezeka kubanki. Sipadapite masiku, nduna yoona zamalonda idachotsedwa pampando. Ambiri adaikamba nkhaniyi ngati ya ndale za chisankho chimene chinkabwera chaka chomwecho. Koma pansi pa phokoso lonselo padali funso limene sitidalifunse mokwanira. Zidatheka bwanji kuti dziko lolima thonje ku Chikwawa, Nsanje, Balaka ndi Salima lifike polira kuti lilibe madola ogulira malaya amene munthu wina kutsidya kwa nyanja adavala kale n'kutopa nawo?

Yankho limene timapatsidwa kawirikawiri ndi lakuti umu ndi mmene msika umayendera: wopanga katundu wabwino pamtengo wotsika ndiye amagulitsa, wolephera amagula. Ine yankho limeneli sindilivomereza. Msika wa dziko lonse uli ndi malamulo, malamulowo adalembedwa ndi anthu, ndipo amene adagwira cholembera adadzisungira ufulu umene amawakaniza anzawo. Kusiyana kwa malonda pakati pa mayiko olemera ndi osauka kudachita kukonzedwa. Palibe mbewu imene imaonetsa zimenezi poyera kuposa thonje.

Pamene David Livingstone ankakwera mtsinje wa Shire mu 1859, adapeza Amang'anja akulima thonje, kupota ulusi ndi kuomba nsalu m'midzi mwawo momwe. Ntchito yonse, kuyambira kumunda mpaka chovala, inkathera pakhomo. Atsamunda atakhazikika, bungwe la British Cotton Growing Association lidalimbikitsa ulimi wa thonje ku Nyasaland ndi cholinga chodyetsa makina a ku Lancashire, ku England. Thonje linkatuluka losapota, nsalu n'kubwera yoombaomba. Titalandira ufulu tidayesa kubwezera ntchitoyo kwathu. Fakitale ya David Whitehead and Sons idatsegulidwa ku Blantyre mu 1967, ndipo kwa zaka zambiri amayi ankavala zitenje zoombedwa ndi thonje la alimi akwathu, anthu zikwizikwi akulandira malipiro pakutha pa mwezi. Kenaka idafika nyengo ya ngongole zokhala ndi malamulo a IMF ndi World Bank, kuyambira mu 1981. Tidauzidwa kuti titsitse misonkho ya pachipata, tisiye kuteteza mafakitale, boma lichoke mu bizinesi. Mabelo adayamba kulowa ngati madzi, fakitale ija idafooka mpaka kugulitsidwa mu 2003. Ku Zambia nakonso Mulungushi Textiles ya ku Kabwe idatseka zitseko mu 2007, kaunjika (kumeneko amati salaula) atadzaza misika. Katswiri wa zachuma Garth Frazer, m'kafukufuku amene adatuluka mu 2008, adapeza kuti pakati pa 1981 ndi 2000 zovala zakale zochokera kunja ndizo zidachititsa pafupifupi 40 peresenti ya kutsika kwa ntchito yosoka zovala mu Africa, komanso theka la ntchito zimene anthu adataya m'mafakitalewo.

Amene adatiphunzitsa kutsegula zipata, iwo adalemera zipata zawo zili zotseka. Dziko la Britain, limene lidadzakhala mwini nsalu wa dziko lonse, lidayamba ndi mantha ndi nsalu za ku India, zimene zidali zokongola ndiponso zotsika mtengo kuposa zake. Nyumba ya Malamulo ya ku London idakhazikitsa malamulo mu 1700 ndi mu 1721 oletsa nsalu zamaluwa za ku India, poyamba kuziitanitsa, kenaka ngakhale kuzigulitsa ndi kuzivala kumene. Ku America, nduna ya zachuma Alexander Hamilton adauza aphungu mu 1791 kuti mafakitale akhanda ayenera kutetezedwa kufikira atakhwima, ndipo dzikolo lidakhala ndi misonkho yokwera ya pachipata kwa zaka zoposa 100. Musaganize kuti izi n'zamakedzana zokha. Kuyambira 1974 mpaka kumapeto kwa 2004 padali pangano lotchedwa Multi-Fibre Arrangement, limene linkaika malire pa kuchuluka kwa nsalu ndi zovala zimene mayiko osauka angagulitse ku Ulaya ndi ku America. Zaka zomwezo zimene ife tinkauzidwa kuti kuteteza fakitale ndi umbuli wa zachuma, iwo ankateteza awo ndi lamulo lolembedwa, losainidwa, lodziwika kwa aliyense.

Tsopano tiyeni kumunda, chifukwa kumeneko ndiye kuli nkhani yowawa. Mlimi wa thonje ku Burkina Faso kapena ku Mali amalima ndi khasu kapena ng'ombe, amatola ndi manja, ndipo ndalama zimene amalowetsa pa kilogalamu imodzi n'zochepa kuposa za mlimi wa ku Texas kapena Mississippi. Mpikisano ukadakhala wachilungamo, iyeyu akadapambana. Koma bungwe la Oxfam lidawerengera mu 2002 kuti alimi a thonje pafupifupi 25,000 a ku America adalandira sabuside ya madola 3.9 biliyoni m'chaka chimodzi, ndalama zoposa chuma chonse chimene dziko la Burkina Faso linkapanga pachaka nthawi imeneyo. Mlimi wolandira ndalama zotere amalimabe ngakhale mtengo utagwa, chifukwa boma limamudzazira pamene paperewera. Thonje limasefukira pamsika, mtengo n'kugweratu, ndipo amene amamva kuwawa ndi anthu oposa 10 miliyoni a kumadzulo ndi pakati pa Africa amene moyo wawo umadalira mbewuyi. Mlimi wa ku Ngabu sadziwa dzina la lamulo la zaulimi la ku Washington, koma mtengo umene amaumva pasikelo umatsatira mtengo womwewo wa pamsika wa dziko lonse.

Mu 2003 mayiko anayi, Benin, Burkina Faso, Chad ndi Mali, adakatula nkhaniyi ku bungwe loona zamalonda padziko lonse la WTO. Pulezidenti wa Burkina Faso wa nthawiyo, Blaise Compaoré, adapita yekha ku likulu la bungweli ku Geneva kukalankhula. Sadapemphe thandizo, adapempha kuti malamulo a msika waufulu agwire ntchito pa aliyense. Pamsonkhano wa WTO wa ku Cancún, ku Mexico, mu Sepitembala chaka chomwecho, chikalata chimene chidaperekedwa ngati yankho chidalangiza alimi a mu Africa kuti aganize zolima mbewu zina. Msonkhanowo udatha popanda mgwirizano.

Dziko la Brazil, lokhala ndi ndalama zolipira maloya ndi msika waukulu woopsezera, lidasumira America ku WTO mu 2002 pa nkhani yomweyi ya sabuside ya thonje. Lidawina, America idachita apilo, Brazil idawinanso mu 2005. Mu 2009 idaloledwa kubwezera ndi zilango za madola oposa 800 miliyoni pachaka. Mukuganiza kuti America idasiya kupereka sabuside ija? Idasankha kumaika madola 147 miliyoni pachaka m'thumba lothandiza alimi a thonje a ku Brazil kuyambira 2010, ndipo mu 2014 idapereka madola 300 miliyoni kuti mlandu utsekedwe. Wolakwa adagula chete wa wodandaula wamphamvu. Mayiko anayi aja, amene adapwetekedwa koposa, sadalandire chipepeso chilichonse kuchokera ku America. Pamsonkhano wa WTO wa ku Nairobi mu 2015 adagwirizana zothetsa sabuside yolimbikitsa kugulitsa mbewu kunja, koma ndalama zimene boma limapereka kwa mlimi m'dziko mwake, kumene kuli gwero la vutoli, zidasiyidwa. Ndipo kuyambira Disembala 2019 khothi la apilo la WTO silikugwira ntchito chifukwa America idakana kuti oweruza atsopano asankhidwe. Ngakhale dziko losauka litapeza maloya lero, lingawine mlandu umene sungafike kumapeto.

Ndinene pano kuti America si yokha. Masiku ano China imathandiza alimi ake a thonje ndi ndalama zochuluka zedi, India nayonso chimodzimodzi, ndipo Greece ndi Spain amalandira thandizo la European Union. Kwa mlimi wa ku Balaka zilibe kanthu kuti mbendera ya womupondereza ndi yamtundu wanji.

Wina anganene kuti: chabwino, thonje losapota latikanika, bwanji osateteza msika wathu wa zovala monga adachitira a ku London? Funso limeneli lidayesedwa, ndipo yankho lake tidaliona ndi maso. Mu 2016 mayiko a East African Community adagwirizana kuti pofika 2019 adzakhale atasiya kuitanitsa zovala ndi nsapato zakale, pofuna kudzutsa mafakitale awo. Rwanda idakweza msonkho wa kaunjika kuchoka pa masenti 20 a dola kufika pa madola 2.50 pa kilogalamu. Bungwe la amalonda a zovala zakale ku America, lotchedwa SMART, lidakadandaula ku boma lawo mu 2017 kuti ntchito 40,000 za anthu a ku America zili pachiswe. Boma la America lidatulutsa chikwapu chimene lidali nacho kale m'manja: AGOA, lamulo la mu 2000 lolola katundu wa mu Africa kulowa ku America popanda msonkho. Kenya, imene imagulitsa zovala zambiri ku America, idabwerera m'mbuyo msanga. Tanzania ndi Uganda adatsatira. Rwanda yokha idakana, ndipo mu Julayi 2018 zovala zake zidachotsedwa pa mwayi wa AGOA.

Taganizirani bwino zimene zidachitika apa. Kadziko kopanda doko, kamene zovala zake zopita ku America zinkangokwana madola pafupifupi 1.5 miliyoni pachaka, kadalangidwa ndi dziko lolemera koposa onse chifukwa chokana kukhala kotayirako zovala zotha ntchito. Chilangocho pachokha chidali chaching'ono. Uthenga wake ndiwo udali waukulu, ndipo udalunjika kwa tonse: mwayi umene takupatsani ndi wathu, tikhoza kuulanda tsiku lililonse mukayesa kuchita zimene ife tidachita. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. AGOA si pangano la mbali ziwiri. Ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo ya dziko lina, ndipo mwini wake amaliunika chaka ndi chaka kuti aone amene akuyenera kukhalamo.

Amene adamvera malangizo onse nawonso sadapulumuke. Lesotho idachita zonse zimene mabuku a zachuma amanena. Idaitana eni mafakitale ochokera ku Taiwan ndi kwina, idamanga ntchito yosoka majinzi a Levi's ndi Wrangler, ndipo anthu zikwi makumi angapo, ambiri mwa iwo amayi, adapeza ntchito ku Maseru ndi Maputsoe. Pa 2 Epulo 2025 boma la Donald Trump lidalengeza msonkho wa 50 peresenti pa katundu wa ku Lesotho, wokwera kuposa wa dziko lina lililonse pamndandanda wa tsikulo. Chifukwa chake? Lesotho idagulitsa ku America katundu wa madola pafupifupi 237 miliyoni mu 2024, koma idagulako wa madola osakwana 3 miliyoni. Masamu amene adagwiritsa ntchito adangotenga kusiyanako n'kukusandutsa mlandu. Amayi osoka majinzi, amene malipiro awo sangagule ngakhale majinzi ochepa mwa amene amasokawo, adapezeka olakwa chifukwa sagula katundu wa ku America wokwanira. Msonkhowo udadzatsitsidwa kufika pa 15 peresenti, koma apo n'kuti ogula atayamba kale kuimika maoda ndipo anthu ambiri atatumizidwa kunyumba.

Apa ndi pamene mtima wanga umawawa kwenikweni. Dziko la Malawi limagula kunja katundu woposa amene limagulitsa pafupifupi katatu. Ife tikakhala ndi kusiyana kotere timauzidwa kuti vuto ndi lathu: tichepetse mphamvu ya kwacha, monga tidachitira ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, timange lamba, titsegule zipata kwambiri. Dziko lolemera likakhala ndi kusiyana komweko ndi kadziko kosauka, limati laberedwa, n'kutseka chipata tsiku lomwelo popanda kupempha chilolezo kwa aliyense. Nthenda imodzi, koma mankhwala amatengera kuti wodwalayo ndani.

Pali mfundo zotsutsa zimene sindingazinyalanyaze, ndipo yoyamba ndi yolemera. Kaunjika amaveka osauka. Mayi wa kumudzi amatha kugulira mwana juzi yolimba nyengo yozizira ndi ndalama imene sangagulire yatsopano. Pamsika wa Tsoka ku Lilongwe, ku Limbe, ku Mzuzu ndi m'misika ya pasabata m'maboma onse, mabanja osawerengeka amadya, amalipira lendi ndi fizi kuchokera m'belo. Matelala ambiri amapeza ntchito yochepetsa ndi kukonza zovala zomwezo. Nduna imene ingadzuke mawa n'kuletsa kaunjika idzavula amphawi, idzalemeretsa ozembetsa katundu, ndipo mpata umene udzatsale udzadzazidwa ndi zovala zatsopano zotsika mtengo za ku China, osati za ku Blantyre. Ngakhale ku Rwanda mitengo ya zovala idakwera ndipo ogulitsa ambiri adavutika. Choncho ine sindikuitanira chiletso. Chimene ndikuteteza ndi ufulu wa dziko kusankha lokha nthawi ndi njira, popanda kuopsezedwa.

Mfundo yachiwiri ndi yakuti zipata za olemera si zotseka monga ndikunenera. N'zoona kuti kuyambira 2001 European Union imalola mayiko osaukitsitsa, kuphatikizapo Malawi ndi Zambia, kugulitsa chilichonse kupatula zida zankhondo popanda msonkho. Koma chipata chotsegukira munthu amene manja ake adamangidwa kale chimathandiza pang'ono. Mwayiwo udabwera mafakitale atagwa, ndipo umadza ndi malamulo a kumene katundu wachokera ndi miyezo ya ukhondo imene kampani yaing'ono siingaikwanitse popanda thandizo. N'chifukwa chake Switzerland, kumene sikumera mtengo wa khofi ngakhale umodzi, ili m'gulu la mayiko opeza ndalama zambiri pogulitsa khofi wokazinga, pamene alimi a ku Misuku ndi ku Ethiopia amatumiza wosakazinga m'matumba.

Yachitatu ndi yathu, ndipo tisaibise kumbuyo kwa azungu. Palibe wa ku Washington amene adatiletsa kukhala ndi magetsi odalirika, pamene makina opota ulusi safuna kuzimazima. Palibe wa ku Geneva amene amachedwetsa mbewu ndi mankhwala a thonje, kapena kusiya mlimi akudikira malipiro mpaka atagwa ulesi n'kudzala zina. Chiwongoladzanja cha kubanki chimene chimapangitsa kuti kuoda mabelo kukhale kwanzeru kuposa kugula makina, n'chathu. Bangladesh ndi Vietnam adakumana ndi malamulo omwewa a dziko lonse, koma adapeza podutsa. Kupanda chilungamo kwa malamulo sikutichotsera udindo. Kumangotanthauza kuti mpata wathu wolakwitsa ndi wochepa kuposa wa ena, ndiye tiyenera kuchenjera koposa.

Kuchenjerako sindidakuone mu Malichi 2025, pamene boma lidaletsa mwadzidzidzi kuitanitsa katundu wina monga ufa, mpunga ndi zipatso. Cholinga chidali chabwino, koma nkhonyayo idagwera oyandikana nawo. Tanzania idabwezera mu Epulo potseka malire ake ku mbewu zathu, ndipo padafunika zokambirana kuti zinthu zibwerere m'malo. Osauka awiri adakanganirana nthochi ndi mpunga, pamene dzenje lenileni limene madola athu amatayikiramo lili pa mafuta, feteleza, mankhwala, makina ndi zovala. Msika umene ungadyetse fakitale ya nsalu ya ku Malawi uli ku Chipata, ku Tete, ku Mbeya ndi ku Harare, ndipo mapangano a COMESA, SADC ndi la msika wa Africa yonse limene lidasainidwa ku Kigali mu 2018 adalembedwera zimenezo. Kukangana ndi anthu amenewa ndi kudzitsekera khomo lokhalo limene palibe wakutali angatitsekere.

Poyambira pali pafupi kuposa mmene timaganizira. Boma ndiye wogula nsalu wamkulu m'dziko muno: yunifolomu za apolisi, asilikali, anamwino ndi oyang'anira ndende, nsalu za pabedi m'zipatala, makatani a m'maofesi. Onjezanipo ana asukulu mamiliyoni amene makolo awo amawagulira yunifolomu. Ndondomeko ya Buy Malawi idakhazikitsidwa mu 2016, koma mawu okha sagula makina. Fakitale imafuna pangano lolembedwa la zaka zingapo, lonena kuti boma lidzagula mamita akutiakuti a nsalu yoombedwa ndi thonje lolimidwa kuno, pamtengo wodziwika, ndipo lidzalipira nthawi yake. Ndi pepala lotere mwini fakitale angapite kubanki, woomba nsalu angalonjeze wopota ulusi, wopota ulusi n'kulonjeza mlimi mtengo asanadzale. Chitetezo chotere chikhale ndi malire a zaka ndi miyezo yoti fakitale ikwaniritse, monga adachitira a ku South Korea, kuti chisasanduke chodyera cha anthu ochepa odziwana ndi andale.

Msonkho wa kaunjika ubwere pambuyo, ukwere pang'onopang'ono, pa ndondomeko yolengezedwa zaka zisanafike, ndipo uyambire pa mitundu ya zovala imene tayamba kale kusoka tokha. Mavenda amene adaguba ku Lilongwe aja akhale nawo pokonza ndondomekoyo, chifukwa iwo ndiwo amadziwa chimene Mmalawi amagula, pamtengo wanji, mwezi uti, ndipo ndi iwo omwe angadzagulitse zovala zosokedwa kuno. Tsiku limene tidzayambe kukweza msonkhowo, kalata yochokera ku likulu la dziko lina idzabwera, monga idafikira ku Nairobi ndi ku Kigali. Kenya idagonja chifukwa idawerengera ntchito zimene ikadataya iyo payokha, Rwanda n'kutsala yokha. Nduna zathu za zamalonda, pamodzi ndi anzawo a ku Lusaka, Maputo ndi Dodoma, ayenera kugwirizana yankho la kalatayo isanalembedwe, ndipo pangano lililonse la zamalonda limene lingatilande ufulu wokweza msonkho pachipata chathu lizipita ku Nyumba ya Malamulo kuti aphungu aliwerenge poyera lisanasainidwe.